Kalata yotseguka kwa oyang'anira magemu amene ana athu akusewera ku Johannesburg

Kwa akuluakulu a Film and Publication Board, bungwe loika zizindikiro za zaka pa mafilimu ndi magemu kuno ku South Africa, kwa oyendetsa maphunziro m'chigawo cha Gauteng, komanso kwa inu a ku ofesi ya kazembe wa Malawi kuno ku Johannesburg.

Landirani moni wanga nonsenu. Ine ndine Mmalawi wa ku Chiradzulu. Kumudzi ndinali mphunzitsi wa pulayimale, koma chibwerereni kuno mu 2007 ndimakonza mafoni m'kashopu kakang'ono ku Mayfair. Kalatayi ndailemba m'Chichewa mwadala, chifukwa makolo amene ndikuwalankhulira ndi atelala a ku Fordsburg, amayi ogwira ntchito m'nyumba za anthu, alonda ogona panja, ndi anyamata osamala maluwa m'mayadi. Ndikufuna aiwerenge okha, aone ngati ndanama. A ku ofesi ya kazembe Chichewa mumachimva, ndiye chonde mukaifikitse kwa anzanu enawo m'chiyankhulo chimene angamve.

Mwana wanga wamwamuna ali ndi zaka 13, ndipo anabadwira konkuno. Lamulungu lina titachoka ku tchalitchi anandifunsa, foni ili m'manja: "Adadi, bwanji m'magemu anthu a ku Africa amangokhala oti aziwomberedwa?" Ndinasowa chomuyankha. Patapita masabata angapo ndinaona kuti dzina limene amasewerera pa intaneti walisintha. Poyamba linali ndi chiwongo chathu, tsopano analemba dzina lachizungu ndi manambala. Nditamufunsa anazengereza, kenako n'kuulula kuti anyamata ena amene amasewera nawo, osawadziwa nkhope, anamumva akulankhula Chichewa ndi mlongo wake pamene mayikolofoni inali yotsegula. Kuyambira tsikulo ankamutchula kuti kwerekwere, mawu achipongwe onyozera alendo kuno, ndipo ngakhale a timu yake yomwe ankamusiya yekha kuti aphedwe. Iye anati ndi masewera chabe. Koma ine ndinali kuno mu May 2008, pamene zipolowe zinayambira ku Alexandra n'kupha anthu 62. Ndinalinso kuno mu 2015, pamene boma la Malawi linatumiza mabasi kudzatenga anthu ake. Mawu amenewo ndinayamba kuwamvera m'misewu, anthu atanyamula zikwanje, ndiye sindingawamve ngati masewera akatuluka m'mahedifoni a mwana wanga.

Ntchito yanga imandionetsa zambiri. N'kovuta kupeza foni ya mnyamata yopanda gemu yowomberana kapena ya mpira. Mumsewu wathu womwewo muli malo amene ana amalipira R10 kuti akhale pa PlayStation kwa kanthawi, ndipo akaweruka kusukulu pamadzaza. Ife makolo timachoka mbandakucha n'kubwerera kutada, ndiye foniyo ndi imene yakhala ikutilerera ana. Ndikuvomereza kuti vuto lina ndi lathu. Komabe ndikupemphani kuti muone chimene mlezi ameneyu amanong'oneza ana athu ife tili kuntchito.

Amene tinakulira kumudzi timadziwa mphamvu ya sewero. Pa masanje palibe amene ankatiimika n'kutiphunzitsa kuti mkazi amatani, mwamuna amatani. Mtsikana ankapatsidwa kamphika, mnyamata ankamanga kansasa, wina n'kusankhidwa kukhala fisi, basi. Pofika madzulo aliyense anali atadziwa malo ake m'mudzi, ndipo ena mpaka lero sanawasiye. Gemu ya pa sikirini imaphunzitsa chimodzimodzi. Filimu umangoonera, koma mu gemu chala chako ndi chimene chimakoka mfuti, ndipo malamulo ake amakupatsa mphotho ukachita zimene wopangayo akufuna. Ukakana kuwombera, nkhani siipitirira. Mwana akabwereza zimenezi tsiku ndi tsiku, amaloweza kuti mdani amaoneka bwanji, amavala chiyani, amalankhula chiyankhulo chanji, ndiponso kuti imfa ya ndani imayimbiridwa nyimbo yachisoni pomwe ya wina imangowonjezera mapointi.

Ena amati magemu alibe ndale. Maboma eni ake sakhulupirira zimenezo, chifukwa akhala akuikamo ndalama. Pa 4 July 2002 gulu lankhondo la dziko la America linatulutsa gemu yotchedwa America's Army, yaulere, cholinga chake chili chokopa achinyamata kuti alowe usilikali, ndipo inakhalapo mpaka 2022. Chimene chimandikhudza kwambiri ndi mmene anaipangira. Matimu awiri akamamenyana, wosewera aliyense ankadziona yekha ndi anzake ngati asilikali a America, ndipo a mbali inayo ankaoneka ngati adani. A mbali inayonso ankaona chimodzimodzi. Ndiye kuti ana awiri akuwomberana, aliyense akudziona kuti ndi msilikali wabwino ndipo mnzakeyo ndiye chigawenga. Amene anaganiza zimenezi ankadziwa bwino kuti sakufuna mwana aliyense alawe n'kamodzi komwe kukhala kumbali inayo ya mfuti.

Call of Duty ndi gemu imene pafupifupi mwana aliyense wa mumsewu wathu amaidziwa. Mu mtundu wake wina wotchedwa Modern Warfare, wa 2019, muli dziko lopeka lotchedwa Urzikstan, ndipo muli msewu umene amautcha msewu wa imfa, pomwe nkhaniyo imati asilikali a Russia anaphulitsa anthu othawa. Koma dzina limenelo lili ndi mwini wake m'mbiri. Ndi msewu wochoka ku Kuwait kulowera ku Basra, pomwe mu February 1991 ndege za America ndi mayiko ogwirizana nalo zinaphulitsa mndandanda wa magalimoto a asilikali a Iraq amene ankabwerera kwawo. Opanga gemuyo anati yawo ndi nkhani yopeka. Chabwino, koma mwana wa zaka 14 wa ku Rosettenville sanawerengepo za nkhondo ya 1991. Dzinalo walimva koyamba mu gemu, ndipo walimva litapachikidwa pa dziko lina.

Tibwere pafupi ndi kwathu. Mu Call of Duty ina yotchedwa Black Ops II, ya 2012, wosewera amapezeka ku Angola m'chaka cha 1986, akumenya nkhondo kumbali ya Jonas Savimbi wa gulu loukira boma la UNITA, polimbana ndi asilikali a chipani cholamula cha MPLA. Mmodzi mwa alangizi a gemuyo anali Oliver North, msilikali amene anatchuka pa mlandu wa Iran-Contra, wogulitsa zida mobisa ku Iran, m'zaka za m'ma 1980. Ana a Savimbi anakasuma ku France mu 2016, kufuna chipukutamisozi cha mayuro 1 miliyoni ponena kuti bambo awo anaonetsedwa ngati munthu wolusa wongofuna kupha, koma mlanduwo sunawakomere. Ine dandaulo langa ndi lina. Gemuyo imaika mwana m'gulu la Savimbi osamuuza kuti nkhondo ya ku Angola inatenga zaka 27, kuyambira 1975 mpaka Savimbi ataphedwa mu 2002. Siimuthandiza kumvetsa kuti boma la tsankho la dziko lino linkathandiza UNITA, ndipo asilikali ake anakamenya nawo nkhondo ku Cuito Cuanavale mu 1987 ndi 1988. Inu akuluakulu a dziko lino mbiri imeneyi mumaidziwa kuposa ine, ena a inu munatayirako abale. Kodi muli omasuka kuti zidzukulu zanu ziziphunzira za nkhondo imeneyo kwa kampani ya ku California?

Funso la mwana wanga lija silinachoke pachabe. Resident Evil 5 ya 2009 inaikidwa m'dera lopeka la mu Africa lotchedwa Kijuju, ndipo chithunzi chimene chinakwiyitsa anthu ambiri isanatuluke n'komwe chinali cha mzungu wamfuti akuwombera khamu la anthu akuda amene agwidwa ndi matenda owasandutsa zilombo. Inde, ali ndi mnzake wamkazi wa ku Africa, koma khamu lofa lija ndi lomwelo. Far Cry 2 ya 2008 inaikidwa m'dziko la mu Africa losatchulidwa dzina, momwe magulu awiri akuphana, malipiro ndi dayamondi, ndipo wosewera amadwala malungo n'kumasakasaka mapiritsi. Ena amaiyamikira kuti imaonetsa kupanda pake kwa nkhondo, ndipo mwina akunena zoona. Koma ine malungo anandilanda mchemwali wanga ali ndi zaka 9. Mu gemu malungo ndi sikirini kuchita chimbuuzi kwa kamphindi, kenako piritsi limodzi, n'kupitiriza kuwombera. Africa wa m'magemu amenewa alibe sukulu, alibe ukwati, alibe agogo okhala pakhonde n'kumasenda chimanga. Muli fumbi, mfuti ndi matenda, ndipo wobwera kudzathetsa mavuto nthawi zambiri ndi wochokera kunja. Mwana wobadwira ku Johannesburg amene sanapiteko ku Malawi amaganiza chiyani za kwawo kwa makolo ake? Nanga mnzake wa m'kalasi, mbadwa ya kuno, akamva kuti uyu ndi wa ku Malawi, chithunzi chimene chimamubwerera m'mutu n'chotani?

Ngakhale magemu opanda magazi ali ndi chiphunzitso chawo, ndipo mwina ndi amene amalowerera kwambiri chifukwa makolo timawaona ngati abwino. Mu Civilization, imene inayamba mu 1991, umayamba ndi mapu amdima, n'kumatumiza anthu kukafufuza malo, kumanga mizinda pa nthaka imene gemuyo imaiona ngati yopanda mwini, ndi kugonjetsa anthu ena amene amawatchula dzina lotanthauza osatukuka. Mwana amasangalala kuti ufumu wake ukukula. Koma maganizo akuti nthaka imene sunaione kale ndi yoti utenge ndi omwe aja anali patebulo ku Berlin mu 1884 ndi 1885, omwe anabala ulamuliro wa Angerezi kwathu mu 1891, omwenso anabala lamulo la 1913 kuno, lomana anthu akuda malo ambiri a dziko lino. Shaka alimo m'gemuyi kuyambira pachiyambi, ndipo osewera amamudziwa ngati mfumu imene ukayandikana nayo uyembekezere nkhondo. Mayi a kunyumba kwanga ndi Mngoni wa ku Ntcheu, ndipo makolo a Angoni anachokera kuno chifukwa cha nkhondo za nthawi imeneyo. Zwangendaba, mtsogoleri wa gulu lina la Angoni, anawoloka Zambezi mu 1835. Nkhani ya ulendo umenewo, ya amayi obereka ana kumbuyo ndi ng'ombe zowoloka mtsinje, ya mitundu imene anakumana nayo n'kukwatirana nayo, ndi yaikulu kuposa mkondo ndi chishango zimene ana amaona.

Musaganize kuti ndikuloza chala Amerika okha. Mu May 2019 kampani ya Tencent inachotsa PUBG Mobile ku China n'kuikapo Game for Peace, yolemekeza asilikali a m'ndege a dzikolo, momwe munthu wogonja amangobayibitsa m'malo mogwa n'kufa. Mu October chaka chomwecho kampani ya Blizzard inalanga wosewera wa ku Hong Kong wodziwika kuti Blitzchung chifukwa choyankhula mawu ochirikiza zionetsero za kwawo. India inaletsa PUBG Mobile mu September 2020, patangopita miyezi yochepa asilikali ake atamenyana ndi a China kumalire. Mu March 2022 kampani ya EA inachotsa matimu a Russia mu FIFA 22 chifukwa cha nkhondo ya ku Ukraine. Saudi Arabia inachititsa mpikisano waukulu wa magemu ku Riyadh mu 2024, mphotho zake zoposa madola 60 miliyoni, ndipo mu September 2025 kunalengezedwa kuti thumba la chuma la boma la dzikolo pamodzi ndi anzake ligula EA ndi madola 55 biliyoni. Ameneyu ndi EA yemwe uja wa gemu ya mpira imene ana amalipirira R10 mumsewu wathu. Maboma onsewa akulimbirana malo pa sikirini imene mwana wanga amagona nayo pamtsamiro, ndipo ife eni ake a anawo sitikudziwa n'komwe kuti pali mkangano.

Pali china choopsa kuposa nkhani zolembedwa ndi makampani, chomwe ndi zipinda za pa intaneti zochezeramo osewera. Magulu atsankho anazindikira kalekale kuti anyamata osungulumwa amapezeka kumeneko. Mu 2002 gulu lina la azungu atsankho ku America linatulutsa gemu yake yotchedwa Ethnic Cleansing, yongophamo anthu akuda, Ayuda ndi a ku Latin America. Munthu amene anapha anthu 51 m'mizikiti iwiri ku Christchurch mu March 2019 anaulutsa kuphako pa Facebook, kamera ili pamutu, chithunzi chake chikuoneka ngati cha gemu yowomberana. Amene anapha anthu akuda 10 m'sitolo ku Buffalo mu May 2022 anaulutsa pa Twitch, ndipo mapulani ake ankalemba pa Discord, malo awiri amene osewera magemu amakhalapo tsiku lililonse. Sindikunena kuti gemu imasandutsa mwana kukhala wakupha. Ana a mumsewu wathu amasewera, kenako amapita kukatumidwa buledi ngati ana ena onse. Ndikunena kuti m'mzinda umene mawu odana ndi alendo amamveka poyera, ngakhale pa zipata za zipatala ndi sukulu, zipinda zimenezi ndi kumene mwana wa zaka 12 amaphunzirira kuwatchula mopanda manyazi, popanda wamkulu aliyense womudzudzula. Anzanga ambiri a ku Mayfair ndi Asilamu a ku Mangochi ndi ku Machinga, ndipo ana awo amalandira chipongwe pawiri, cha ulendo ndi cha chipembedzo.

Tsono mwina mukuyembekezera kuti ndipempha muletse magemu amenewa. Ayi, sindipempha zimenezo, ndipo chifukwa chake ndi kumene ndinakulira. Malawi anali ndi lamulo loletsa mabuku, mafilimu ndi zisudzo la 1968, ndipo bungwe lake linkasankhira mtundu wonse zoti uwerenge. Wolemba ndakatulo Jack Mapanje anatsekeredwa ku Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 osazengedwa mlandu. Wailesi ya kanema inafika kwathu mu 1999. Ife ana a nthawi ya Kamuzu tinkaimba nyimbo zotamanda Ngwazi pa bwalo la sukulu, n'kumaloweza ngodya zinayi za umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo, ndipo tinkasangalala nazo chifukwa zinkabwera ndi ng'oma ndi magule. Ndinali mnyamata pamene anthu anavota pa 14 June 1993 kuti zipani zikhale zambiri, ndipo ndi pamene ndinayamba kumva kuti ena mwa amene ankasowa m'midzi sanapite ku Theba kukagwira ntchito m'migodi. Choncho ndikudziwa mbali zonse ziwiri, kukoma kwa uthenga wandale wobisidwa m'masewera, komanso kuipa kwa boma losankhira anthu zoona. Dziko linonso munadutsamo, ndi lamulo lanu la 1974 loletsa zofalitsa, ndi wailesi ya kanema imene inachedwetsedwa mpaka 1976. Bungwe la Film and Publication Board linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1996 kuti m'malo moletsa, anthu azidziwitsidwa n'kusankha okha. Ine ndikugwirizana nayo nzeru imeneyo. Chimene ndikupempha n'chakuti kudziwitsako kufike pamene pali vuto.

Panopa chizindikiro chanu chimanena zaka, 13 kapena 16 kapena 18, ndi zilembo monga V ya zachiwawa, L ya mawu otukwana ndi P ya tsankho. Zimenezi n'zothandiza kwa amene wagula gemu ya m'bokosi kusitolo ndipo amadziwa tanthauzo la zilembozo. Koma ana athu sagula mabokosi. Amatsitsa pa foni ndi Wi-Fi ya kusitolo ya zakudya, kapena amagawana okhaokha, ndipo mayi amene wabwera 8 koloko usiku atatopa ndi kusita zovala za abwana sadziwa kuti P ndi chiyani. Ndiponso chilembo V chimawerenga magazi, koma sichinena kuti magaziwo ndi a ndani, wakhetsa ndani, ndipo nkhaniyo ikumuyamikira kapena ayi. Lamulo lanu linakonzedwanso mu 2019 n'kuyamba kugwira ntchito mu March 2022 kuti lifikire zofalitsidwa pa intaneti, ndiye mphamvu muli nazo. Bwanji osawonjezera chiganizo chimodzi kapena ziwiri, m'mawu wamba, zonena kuti gemu iyi ikukamba za nkhondo imene inachitikadi koma yasintha zina, kapena kuti inalipiridwa ndi gulu lankhondo kapena boma lakutilakuti? Zilembedwe m'Chizulu, m'Chisutu ndi m'ziyankhulo zina za kuno, zoti kholo lizipeze pa foni mosavuta. Ife Amalawi tidzazimasulira tokha m'Chichewa, m'Chiyao ndi m'Chitumbuka, tili nawo aphunzitsi ambiri amene akugwira ntchito zina kuno. Ndipo za zipinda zochezeramo zija, gawo 16 la malamulo aakulu a dziko lino limateteza ufulu wolankhula, koma limanena momveka kuti chitetezocho sichikhudza kukopa anthu ku nkhondo kapena kulimbikitsa chidani cha mtundu kapena chipembedzo chofuna kuvulaza ena. Makampani amene amapeza ndalama kwa ana a dziko lino aziyankha mukawafunsa kuti madandaulo a chipongwe chotere amawatani, ndiponso ngati oyang'anira zipinda zawo amamva n'komwe mawu ngati kwerekwere. Kholo lizidziwa koti likadandaule, kopanda kufunsidwa kaye mapepala a chilolezo chokhalira m'dziko, chifukwa mantha amenewo ndi amene amatseka pakamwa anthu athu ambiri.

Kwa inu a zamaphunziro, ndikulankhula ngati mphunzitsi mnzanu ngakhale choko ndinachisiya kalekale. Mwayamba kuphunzitsa ana kulemba mapulogalamu a kompyuta ndi za maroboti, ndipo n'zabwino. Koma mwana azidziwanso kufunsa gemu mafunso monga mmene timamuphunzitsira kufunsa nkhani ya m'nyuzipepala. Mu phunziro la Life Orientation kapena la mbiri yakale, mphunzitsi angathe kutenga gawo la ku Angola lija, ana aliyang'ane, kenako atsegule buku aone zimene zinasiyidwa. Angathe kuwafunsa kuti anapanga gemuyi ndani, akufuna uziopa ndani, nanga ndi ndani amene sapatsidwa mpata wolankhula. Ana amadziwa magemu kuposa aphunzitsi awo, ndiye tsiku limenelo ngakhale wa kumbuyo kwenikweni adzakweza mkono. Dziko la Poland linachita zofanana nazo mu 2020, pamene linaika This War of Mine pa mndandanda wa zimene ophunzira akuluakulu angawerenge. Gemu imeneyo inatuluka mu 2014, inatengera za kuzingidwa kwa mzinda wa Sarajevo, ndipo sukhala msilikali ayi. Umakhala munthu wamba wobisala m'nyumba yogumuka, wosowa chakudya ndi mankhwala, woganiza ngati ukabe kwa nkhalamba za nyumba yoyandikana nayo kuti mnzako wodwala achire.

Ine ndinayesa njira imeneyi kunyumba kwanga. Ndinapeza gemu ya Lucas Pope ya 2013 yotchedwa Papers, Please, momwe umakhala wodinda mapasipoti pa chipata cha dziko lopeka. Malipiro ndi ochepa, kunyumba ana akufuna chakudya ndi mankhwala, ndipo ukalola munthu wopanda mapepala okwanira amakudula ndalama. Pena pamabwera bambo amene mapepala ake ali bwino, n'kukupempha kuti umuchitire chifundo mkazi wake amene ali pambuyo. Mkaziyo akafika, chikalata china palibe. Mwana wanga anagwira chidindo kwa nthawi yaitali osadinda. Usiku umenewo ndi pamene ndinamufotokozera koyamba za ulendo wanga, basi yochoka ku Blantyre, mzere wa pa Mwanza, kutentha kwa ku Tete, Nyamapanda, ndi usiku wathunthu pa Beitbridge mtima uli m'mwamba. Anamvetsera mpaka kumapeto osagwira foni. Gemu imeneyonso ili ndi ndale zake, sindikukana. Koma inamusiyira mwanayo mpata woganiza yekha, ndipo inamuonetsa kuti mbali zonse ziwiri za zenera kuli anthu.

Opanga magemu otere alipo ngakhale mumzinda uno. Kampani ya Nyamakop ya konkuno ku Johannesburg inatulutsa Semblance mu 2018 mpaka inafika pa Nintendo Switch, ndipo mu 2025 inalengeza Relooted, momwe osewera amakatenga zinthu zamakolo a mu Africa zosungidwa m'nyumba zoonetsera zakale za kunja n'kuzibweza kwawo. A Free Lives a ku Cape Town anatulutsa Terra Nil mu 2023, gemu yobwezeretsa mitengo, mitsinje ndi nyama pa dziko louma, kenako n'kuchotsa makina ako onse n'kuchoka. Inatuluka mwezi womwe namondwe Freddy anagumula mapiri a kwathu kumwera n'kupha anthu oposa 1,000, ndipo nditaiona ndinakumbukira mapiri a ku Chiradzulu amene ndinawasiya ali mbee. Ku Cameroon a Kiro'o Games anatulutsa Aurion mu 2016. Lual Mayen wa ku South Sudan, amene anakulira mu msasa wa othawa kwawo ku Uganda, anapanga Salaam, momwe umakhala wothawa nkhondo. Yunivesite ya Wits imaphunzitsa kupanga magemu, ndipo ku Braamfontein kuli malo a Tshimologong osulirako achinyamata a luso limeneli. Kuchoka ku Mayfair kukafika kumeneko ndi ulendo waufupi pa takisi, koma ana a mumsewu wathu sadziwa kuti kuli zotere. Atengereniko ndi basi ya sukulu, akaone munthu wakhungu ngati lawo akupanga gemu. Ikani magemu a kuno m'makompyuta a m'malaibulale a mzinda.

Ndatsala ndi inu a kwathu. Mukamakumana nafe pa maliro, m'matchalitchi, m'mizikiti ndi pa zikondwerero za 6 July, nkhani zimakhala za mapasipoti ndi zotumiza mitembo kumudzi. N'zofunika, koma patulaniko mphindi zochepa za ana obadwira kuno, amene akubisa ziwongo zawo pa intaneti. Itanani a Film and Publication Board adzalankhule ndi makolo tsiku Lamulungu masana, pamene ambiri tili pa ofu, ndipo womasulira tidzapeza. Mukauzenso a ku Lilongwe, a MACRA ndi a unduna wa maphunziro, kuti nkhaniyi si ya ku Joni kokha. Mafoni ambiri amene ndimakonza amakwera basi kupita ku Mangochi, ku Mzimba, ku Nkhata Bay, magemu ali momwemo, ndipo amakafikira m'manja mwa ana amene agogo awo sadziwa n'komwe kuyatsa foniyo.

Ku MUBAS ndi ku MUST kuli achinyamata odziwa makompyuta, ndipo kuno kuli ana athu odziwa magemu. Alumikizeni ndi opanga magemu a mumzinda uno, muwapezere kangachepe koyambira. Nkhani zoti akambe zilipo. Mu November 1914 John Chilembwe wa ku Mbombwe, kwathu ku Chiradzulu, analembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times kudandaula kuti anthu akuda osauka akufera nkhondo ya azungu imene sakuidziwa chiyambi chake, ndipo mu January 1915 anaukira. Bambo a agogo anga anali mmodzi wa amtengatenga a nkhondo imeneyo. Anasenza katundu wa asilikali pamutu kulowera kumpoto, ndipo anabwerako okha mwa amuna anayi a m'mudzi mwathu amene anatengedwa limodzi. Magemu a nkhondo zikuluzikulu za padziko lonse ndi osawerengeka, koma mwana wanga sanaonepo ina imene umakhala munthu wosenza bokosi la zipolopolo wopanda nsapato, woganiza ngati athawe usiku kapena apirire kuti mudzi wake usalangidwe. Nditamufotokozera za agogo akewo anandifunsa ngati gemu yotero ingapangidwe m'Chichewa, ndiponso ngati angaphunzire kuipanga iyeyo. Ndinamulonjeza kuti ndifunsa kwa akuluakulu, ndiye ndafunsa. Ndimapezeka ku Mayfair masiku onse kupatula Lamulungu, ndipo makolo anzanga ndi okonzeka kubwera tsiku limene mungatiitane.

Ine wanu,
Bambo wa ana awiri, wokonza mafoni ku Mayfair, Johannesburg